Maliro Opanda Mtembo

Munthu woyenda m'mzinda wa Kabwe, umene kale unali kuchedwa Broken Hill, amamva maina awiri acilendo pakamwa pa anthu, ndiwo Chindwin ndi Kohima. Awa ndi maina a makampu a asilikari. Ana a sukulu amawachula, amai opita kumsika amawachula, koma ndi owerengeka amene anaimapo ndi kufunsa kumene mainawa anacokera. Sali a Cilenje, sali a Cibemba, ndiponso sali a Cinyanja. Chindwin ndi mtsinje waukulu wa ku Burma, dziko limene lero lichedwa Myanmar. Kohima ndi mudzi wa m'mapiri a ku India kufupi ndi malire a Burma, kumene Angerezi ndi Amwenye anamenyana ndi Ajapani kuyambira April kufikira June 1944. Makampu ena a m'Zambia ali ndi maina a mtundu womwewo: Tug Argan ndi Kalewa ku Ndola, Arakan ku Lusaka, Gondar ku Chipata. Onsewa ndi malo kumene anthu anagwa pa nkhondo yaciwiri ya dziko lonse.

M'caka ca 1944, nthawi ya mvula yaikulu, gulu loyamba la Northern Rhodesia Regiment, pamodzi ndi asilikari a ku Nyasaland, Uganda, Kenya ndi Tanganyika, linatsika cigwa ca Kabaw, cigwa ca matope ndi malungo, kuthamangitsa Ajapani kufikira pa mtsinje wa Chindwin. Anyamata amenewa anali kulamulidwa m'Cinyanja, pakuti ndico cinali cinenero ca asilikari. Ena a iwo sanabwerere. Dzina la pa cipata ca kampu lija likumbutsa kuti nkhondo inamenyedwa ndipo adani anathawa, koma silinena kanthu za mai wa ku Petauke kapena ku Katete amene anali kuyang'ana kunjira madzulo ali onse. Boma likumbuka malo, mai akumbuka mwana wace.

Pakati pa zikumbukiro ziwirizi pamaima munthu wopeka ndakatulo, ndipo pa iye pamagwa funso lobvuta: kodi ndakatulo yonena za akufa pa nkhondo iyenera kutonthoza banja ndi mau okoma, kapena iyenera kunena zoona ngakhale ziri zowawa? Funsoli silingayankhidwe bwino munthu asanayambe wamvetsa kusiyana kwace kwa imfa ya kunkhondo ndi imfa ya pamudzi.

Munthu akafa pamudzi, mwambo umawagwira dzanja anamfedwa kuyambira tsiku loyamba kufikira lotsiriza. Uthenga umatumidwa kwa mfumu ndi kwa abale. Akazi amasonkhana m'nyumba ya siwa, amuna namagona panja pamoto. Adzukulu amakumba manda. Mtembo usanaikidwe, wina wa akubanja amaimirira nalongosola pamaso pa onse umo matenda anayambira, kumene anapita naye wodwalayo, ndi umo anatsirizikira. Atapita masiku anthu amameta, ndipo pambuyo pace wamasiye amasudzulidwa kuti ayambe moyo wina. Zonsezi ziri ndi nchito imodzi: kuthandiza mtima kubvomera kuti munthu wapitadi. Akuluakulu anati maliro n'kulirana, kutanthauza kuti cisoni ndi katundu wosasenzeka ndi munthu mmodzi.

Tsono msilikari wofera kutali amasiya maliro opanda mtembo. Palibe womsambitsa, palibe manda oti alongo ace akasesepo, palibe amene angaimirire ndi kulongosola umo anafera. Uthenga, ngati unafika, unali kudzera ku Boma ndi kwa mfumu patapita nthawi, ndipo unali wa mau ocepa. Nthawi zina sunafike konse, ndipo mkazi anakhala zaka osadziwa ngati ali pa ukwati kapena ali wamasiye. Kulira sakanatha, pakuti kulira munthu wamoyo n'kumuombeza imfa. Kuleka kuyembekeza sakanathanso. Ndiponso pakati pa Acewa mwamuna mmodzi ali ndi malo awiri. Kumudzi kwa mkazi wace ndi mkamwini, wolima munda ndi womanga nkhokwe. Kumudzi kwa amai wace ndi nkhoswe, mwini mbumba, amene alongo ace ndi ana ao amyang'ana pa milandu ndi pa maukwati. Cotero cipolopolo cimodzi cimagwetsa madenga a nyumba ziwiri. Pamene mwambo walephera cifukwa mtembo palibe, cimene cimatsala ndi mau okha, oimbidwa kapena olembedwa. Ici ndico cifukwa cace ndakatulo ya nkhondo siri kanthu ka masewera: imalowa m'malo mwa munthu uja wolongosola maliro.

Amene anawerenga Buku Lopatulika kusukulu adziwa kuti nkhaniyi ndi yakale lomwe. M'buku la Oweruza, mutu 5, muli nyimbo ya Debora, yoimbidwa ndi anthu opambana nkhondo. Cakumapeto kwace nyimboyo isiya zigwa za nkhondo nilowa m'nyumba ya mdani, kumene amace a Sisera, kazembe wa adaniwo, asuzumira pazenera kudabwa ndi kucedwa kwa mwana wao. Akazi anzeru a m'nyumbamo awakhazika mtima pansi powauza kuti anyamata acedwa ndi kugawana zofunkha. Koma womva nyimboyo adziwa kale kuti Sisera wagona wakufa m'hema wa Yaeli. Kapena woimbayo anafuna kuseka mdani, koma palibe munthu wobadwa mwa mkazi amene angamve cigawo cimeneci osagwidwa cisoni. Ndipo pomwepo paoneka otonthoza onama: mau ao ngokoma, koma acedwetsa cabe tsiku la kulira, nalikulitsa.

Davide anacita mwina. Pamene Sauli ndi Jonatani anafa pa phiri la Giliboa pomenyana ndi Afilisti, iye anapeka nyimbo ya maliro imene iri m'buku laciwiri la Samueli, nalamula kuti anthu a Yuda aiphunzire. M'nyimbomo awachula maina onse awiri, atama mphamvu zao, koma sanena konse kuti imfa yao inali yabwino. M'malo mwace atemberera phiri limene anaferapo. Zaka zitapita, Davide yemweyo analira mwana wace Abisalomu tsiku limene asilikari ace anapambana, mpaka Yoabu, mkulu wa nkhondo, anamdzudzula kuti misozi yace icititsa manyazi anthu amene anammenyera nkhondo. Yoabu anali ndi mfundo yace, pakuti ufumu unafunika kulimba. Koma m'zaka zonse za dziko kwakhala a Yoabu ambiri ouza atate ndi amai kuti apukute misozi cifukwa mbendera yakwera.

Mitundu iwiri yomweyi ya mau inaonekanso poyera ku England pa nkhondo ya 1914 mpaka 1918. Poyamba anthu anakonda ndakatulo za Rupert Brooke, makamaka ija yochedwa "The Soldier", imene inawerengedwa m'kacisi wamkulu wa St Paul's ku London pa Paskha wa 1915. M'menemo imfa ya msilikari ioneka ngati mphatso yokongola yoperekedwa kwa dziko lace. Mulibe mwazi, mulibe mantha, mulibe mai wolira. Brooke sanali munthu wabodza, koma analemba za cinthu cimene anali asanacilawe, ndipo anafa ndi matenda m'April 1915 asanaone nkhondo ya m'maenje ya ku France.

Amene anaiona analemba mosiyana. Siegfried Sassoon, amene mbale wace anafera ku nkhondo ya Gallipoli mu 1915, ndipo iye mwini analandira mendulo ya kulimba mtima, analemba ndakatulo yochedwa "The Hero". M'menemo mkulu wina wa asilikari afika kwa nkhalamba yaikazi imene mwana wace waphedwa, naiuza kuti mnyamatayo anafa ngati ngwazi. Nkhalambayo iyesa kunyada. Koma poturuka panja mlendoyo akumbuka mumtima mwace kuti mnyamata uja anali wamantha, anayesayesa kuti abwezedwe kwao, ndipo anafa imfa yoipa imene inakhudza munthu mmodzi yekha, ndiye amace. Sassoon sanalembe izi kuti anyoze mnyamatayo iai. Anafuna kuonetsa kuti maiyo anaberedwa kawiri: nkhondo inamlanda mwana wace, ndipo bodza linamlanda mbiri yeniyeni ya mwanayo, nilimpatsa munthu wina wosamdziwa kuti amlire.

Bwenzi lace, Wilfred Owen, analemba mu 1917 ndakatulo yochedwa "Anthem for Doomed Youth" ali m'cipatala ca Craiglockhart ku Scotland. Nkhani yace ndi yomwe ija ya maliro opanda mtembo. Awerenga zinthu za mwambo wa maliro a kwao zimene asilikari samazilandira, naonetsa kuti phokoso la mfuti ndilo lalowa m'malo mwa izo. Kenaka atembenukira kumudzi, kumene maliro enieni acitikira m'maso ndi m'mitima ya otsala. Owen anaphedwa pa 4 November 1918, sabata imodzi nkhondo isanathe. Uthenga wa imfa yace unafika kwa amai wace ku Shrewsbury pa 11 November, pamene mabelu anali kulira kulengeza mtendere. Mudzi wonse unali kukondwa, nyumba imodzi iri pa maliro.

Koma munthu amene nkhani yace iphunzitsa koposa ndi Rudyard Kipling, cifukwa anayenda njira zonse ziwiri, ndipo mau ace anafika ku Africa. Iye anali mlembi wochuka wotama nkhondo za Ufumu wa Britain. Mwana wace mmodzi yekha wamwamuna, John, anakanidwa usilikari cifukwa ca kufooka kwa maso, koma atate wace anampezera malo podzera mwa abwenzi ao akuluakulu. M'September 1915, pa nkhondo ya Loos, mnyamatayo anasowa ali ndi zaka 18. Kipling ndi mkazi wace anafunsafunsa kwa asilikari obwerako, osapeza manda ace, kufikira Kipling anamwalira mu 1936. Wamva m'mimba ndiye atsegula citseko: zitacitika izi iye analemba ndakatulo zazifupi zonga mau a pamanda, ndipo m'imodzi ya izo mlandu wa imfa ya anyamata auika pa mabodza a mbadwo wa atate ao.

Kipling yemweyo ndiye anapeka mau olembedwa pa miyala ya cikumbutso ca asilikari ndi amtengatenga aciAfrika ku Nairobi, Mombasa ndi Dar es Salaam. Mauwo alonjeza kuti dzina la womenyera dziko lace lidzakumbukika, koma pa miyalayo palibe dzina la wakufa ndi mmodzi yemwe. Nkhondo imeneyo inakhudzanso Broken Hill. Njanje inafika kumeneko mu 1906, ndipo nkhondo itabuka katundu wa asilikari anali kutsika pa siteshoni imeneyo ndi ena a kumpoto kwace, amtengatenga namsenza pamutu ulendo wa masabata ambiri kunka ku malire a Abercorn, kumene lero kuchedwa Mbala. Ambiri anafa m'njira ndi kamwazi, cibayo ndi njala, naikidwa m'mbali mwa njira popanda cizindikiro. Mu 2021 bungwe losamala manda a nkhondo, la Commonwealth War Graves Commission, linabvomera poyera kuti anthu osacepera 116,000, kapena kufikira 350,000, ambiri a iwo a ku Africa, sanakumbukidwe ndi maina ao pa nkhondo yoyamba ija, ndipo linapepesa. Pa nkhondo yaciwiri maina analembedwa: mwala wa ku Taukkyan, kufupi ndi Rangoon, uli ndi maina pafupifupi 27,000 a anthu opanda manda odziwika, pakati pao pali aciAfrika. Koma ndi mai uti wa ku Petauke akanaoloka nyanja kukaliona dzinalo?

Si kuti anthu akuda analibe mau ao. M'November 1914 John Chilembwe analembera kalata nyuzipepala ya Nyasaland Times kudandaula kuti osauka a m'Africa atengedwa kukafera nkhondo yosakhala yao, nasiya akazi amasiye ndi ana amasiye. Iye anaiwerenga nkhondo kucokera pakhomo, osati kucokera pa bwalo la pelete. Asilikari anali ndi nyimbo zao za paulendo, akazi anali ndi nyimbo za pamtondo zodandaula amuna ao ocoka. Magule onga mganda, malipenga ndi kalela anatenga kuguba, zobvala ndi maudindo a cisilikari, ndipo anafala ponseponse. Koma nyimbo zambiri za cisoni sizinalembedwe, ndipo zinapita kumanda pamodzi ndi eni ace. Zina za zimene zinapulumuka zinapulumuka cifukwa wophunzira wina, Melvin Page, anayenda m'midzi ya Malawi m'zaka za m'ma 1970 kufunsa nkhalamba zimene zinaona nkhondo ya Ciwaya, monga anali kuichulira, nalemba mau ao m'buku.

Tsopano wina angatsutse nati: "Mkulu wa asilikari uja wa m'ndakatulo ya Sassoon anacita cifundo. Ndani angaime pamaso pa nkhalamba ndi kuiuza kuti mwana wace anafa akunjenjemera? Coonadi cotere ndi nkhanza." Mau amenewa ngolemera, ndipo sayenera kukankhidwa msanga. Kunena zoona si kukhuthula zonse. Wolongosola maliro pamudzi amasankha mau ace; sachula zonyansa za matenda, sautsa zolakwa za womwalirayo. Koma sanama. Sanena kuti munthu anafa m'tulo pamene anafa ndi mkondo, cifukwa adziwa kuti bodza la pamanda limabala milandu m'tsogolo. Pali kusiyana pakati pa kupfunda mtembo ndi nsaru ndi kuika mtengo m'bokosi.

Ndiponso bodza lotonthoza liri ndi zoipa ziwiri zimene wolinena samaziona. Coyamba, limamsiya wofedwa ali yekha. Mai amene wauzidwa kuti anyade amacita manyazi kulira, ndipo womtonthozayo, podziwa kuti wanama, sangathe kulira naye, amathamangira kucitseko. Pamenepo kulirana kuja kwatha. Caciwiri, ndakatulo siikhala m'nyumba imodzi monga mau a mlendo. Imasindikizidwa, imaphunzitsidwa m'sukulu, imafika m'makutu a mng'ono wace wa wakufayo. Ngati imuuza kuti imfa ya kunkhondo ndi yokoma ndi yopepuka, iyenso adzapita osadziwa mtengo wace, ndipo mai yemweyo adzalira kaciwiri. Nkhondo siimanga mudzi, ndipo mau obisa ici kwa anyamata ali ndi gawo lace pa mwazi wao.

Komabe mbali inayo irinso ndi mbuna yace. Ndakatulo imene ingoonetsa mabala ndi matope, ninena kuti onse anafa cabe ngati nyama, nayonso ilakwira banja. Anyamata a m'cigwa ca Kabaw anasenzana pobvulala, anagawana cakudya, anapirira zimene anthu ambiri sakanazipirira. Izinso ndi zoona, ndipo mai ayenera kuzimva. Pali nkhondo zina zimene anthu sangazipewe, monga pamene mdani wafika pakhomo, ndipo wofera anzace ayenera ulemu. Colakwa si kutama wakufa. Colakwa ndi kugwiritsa nchito ulemu wace kutseka pakamwa pa amoyo, kapena kutama nkhondo yomwe imene inamudya. Davide anatama Jonatani, koma phiri analitemberera.

Cotero funso lija loti ndakatulo itonthoze kapena inene zoona lioneka kuti linafunsidwa mokhota, pakuti citonthozo cokhalitsa cimacokera m'coonadi conenedwa mwacikondi. Wowerenga wofuna kuyesa ndakatulo iri yonse ya nkhondo, ya m'buku la kusukulu kapena yomveka pa tsiku la cikumbutso, angaifunse mafunso atatu. Kodi wakufayo aoneka ngati munthu, wokhala ndi dzina ndi kwao, kapena wasanduka nambala? Kodi imfa yace yanenedwa monga inaliri, popanda kuipaka mafuta ndiponso popanda kuinyoza? Kodi amai wace, atakhala pomwepo akumva, akanapeza malo olirira, kapena akanauzidwa kuti akhale cete? Ndakatulo yoyankha bwino mafunso amenewa yagwira nchito ya wolongosola maliro. Yolephera, ngakhale mau ace akome cotani, iri ngati akazi aja a m'nyumba ya amace a Sisera.

Nkhaniyi siri ya makedzana okha. Dziko litalandira ufulu mu 1964, asilikari a Zambia anatumidwa ku nchito yosungitsa mtendere ku maiko onga Rwanda, Sierra Leone ndi Central African Republic, ndipo mabanja ena analandira uthenga womwe uja umene agogo ao anaulandira. Caona mnzako capita, mawa ciri pa iwe. Asilikari a ku Burma pafupifupi onse anatsikira kuli cete, koma ana ao ndi adzukulu ao alipo, ku Bwacha, ku Katondo, ku Makululu ndi m'midzi ya kum'mawa. Ena asunga mendulo m'kabokosi, ena akumbuka dzina la malume amene anapita osabwerera, ena akumbuka kanyimbo kamene agogo ao akazi anali kuimba posinja.

Mnyamata kapena mtsikana amene watsiriza sukulu ali ndi cinthu cimene amai aja a 1918 ndi 1944 analibe, ndico colembera. Safunika kukhala mlembi wochuka. Angathe kukhala pansi ndi nkhalamba ya kwao, naifunsa mwaulemu kuti amene anapita kunkhondo anali yani, anali mwana wa yani, anasiya yani, ndi amene analima munda wace iye atapita. Akalemba zimenezi m'cinenero cace, osaonjezera ndi osacotsa, adzakhala atawacitira anthu amenewo maliro amene anacedwa zaka zambiri. Ndipo tsiku lina popita pa cipata ca Chindwin, dzinalo silidzakhalanso la mtsinje wacilendo wokha, koma lidzamkumbutsa munthu wa kwao.